Kulimbana ndi Chibaba cha Mowa M'masiku Oyamba

M'gawo lapitalo tidakambirana zifukwa zimene zimachititsa munthu kuganiza zoleka mowa, monga ngongole, matenda, kupasuka kwa banja ndi kuchotsedwa ntchito. Lero tiona zimene zimamugwera munthuyo akatsimikiza mtima kale. Kulumbira kuti "ine mowa basi" n'kosavuta, makamaka m'mawa pamene matsire akusautsa ndipo m'thumba mulibe ndi tambala yomwe. Ntchito yeniyeni imayamba tsiku lachitatu kapena lachisanu, dzuwa litapendeka, kukhosi kutauma, miyendo itayamba yokha kuloza njira ya kumowa. Chimenechi ndicho akuluakulu amachitcha chibaba.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti ambiri mwa amene amabwerera kumowa m'masabata oyamba adalumbira ndi mtima wonse. Chimene chimawagwetsa n'chakuti palibe adawafotokozera kuti chibaba n'chiyani, chimabwera nthawi yanji, ndipo chimakhala kwa nthawi yaitali bwanji. Timangowauza kuti "limbani mtima, ndinu munthu wamkulu," kenaka n'kuwasiya okha. Malangizo otere ali ngati kutuma mwana kuti akawoloke Shire m'dzinja popanda bwato. Ndipo nkhaniyi si yaing'ono ayi: lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2024 lidati m'chaka cha 2019 chokha anthu okwana 2.6 miliyoni adamwalira pa dziko lonse chifukwa cha mowa.

Tisanapite patali tiyambe ndi chenjezo, pakuti apa pali moyo wa munthu. Muubongo muli timadzi tiwiri timene timagwira ntchito zotsutsana. Kamodzi, kotchedwa GABA, kamatontholetsa mitsempha. Kena, kotchedwa glutamate, kamaidzutsa. Mowa umawonjezera mphamvu ya koyambako n'kupondereza kachiwiriko, ndipo n'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka lilime ndi kuyenda dzandidzandi. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ubongo umazolowera kugwira ntchito mwamphamvu kuti ulimbane ndi mowawo. Ali ngati munthu wopalasa njinga mwamphamvu atagwira mabuleki. Tsiku limene wasiya mabulekiwo mwadzidzidzi, njinga imathamanga mopanda woiletsa.

Izi ndizo zimachitika m'thupi la chidakwa chimene chaleka mowa kamodzin'kamodzi. Pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umagunda msanga, nseru imabwera ndipo tulo timasowa. Mavutowa amafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo kwa ambiri amachepa sabata isanathe. Koma ena amagwa ngati odwala khunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo ena, pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, amasokonezeka mutu, amabwebweta, amatentha thupi ndi kuona zinthu zimene palibe. Matenda otsirizawa madokotala amawatcha delirium tremens, ndipo amapha ngati munthu salandira chithandizo. Kumudzi zikachitika zotere achibale amafulumira kunena kuti walodzedwa, n'kutaya maola ofunika akufunafuna wolodzayo.

Tsono munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene m'mawa amanjenjemera mpaka atalawa, kapena amene adagwapo khunyu ataleka mowa, asaleke yekha kunyumba. Ayambe wapita kuchipatala, akanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kumeneko amapereka mankhwala otontholetsa mitsempha, monga diazepam, kwa masiku owerengeka, pamodzi ndi vitamini B1 amene amateteza ubongo. Mankhwala amenewa si ogula pamsika n'kumamwa m'mene munthu wafunira, chifukwa nawonso amazolowereka, ndipo akasakanizidwa ndi mowa angathe kuimitsa kupuma.

Thupi likakhazikika, chibaba chimatsala. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, amvekere, "Nanga ndaleka kunjenjemera, mtima ukufuniranjinso mowa?" Yankho tingalipeze kwa Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1904. Pofufuza za kagayidwe ka chakudya, iye adaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha dovu akangoona munthu amene ankawabweretsera chakudya, chakudyacho chisanafike n'komwe. Thupi lidaphunzira kuti munthuyo akaoneka, chakudya chili pafupi. Ubongo wa munthu womwa umaphunziranso chimodzimodzi. Chilichonse chimene chakhala chikutsogolera mowa kwa zaka zambiri chimasanduka chizindikiro, ndipo chizindikirocho chikaoneka, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa dopamine, timene timautsa chikhumbokhumbo cha chinthu chimene thupi likuyembekeza.

Tiyerekeze mphunzitsi amene kwa zaka khumi wakhala akuweruka, n'kudutsa pamsika, n'kukhala pa benchi ya kuseri kwa golosale mpaka mdima. Kwa iyeyo belu lomaliza la sukulu ndi chizindikiro. Njira ya pamsika, fungo la kanyenya, mawu a mpira pawailesi, uthenga wa pafoni wonena kuti malipiro alowa, zonsezi ndi zizindikiro. Mnyamata amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira ali nazo zakezake: pamthunzi pamene anzake amasewera bawo, kandalama ka ganyu, ndi masana aatali opanda chochita. Chibaba chikawagwira anthu awiriwa, sizitanthauza kuti kulumbira kwawo kudali kwabodza. Zimangosonyeza kuti ubongo wawo udaphunzira bwino phunziro loipa, ndipo aphunzitsi akudziwa kuti kuchotsa m'mutu mwa mwana chinthu chimene adachiloweza molakwa kumatenga nthawi kuposa kumuphunzitsa chatsopano.

Chinthu chachikulu chimene woleka mowa ayenera kuchidziwa n'chakuti chibaba chimatha chokha. Chikamamugwira, munthu amaganiza kuti chidzakulirakulira mpaka mutu utasweka pokhapokha atamwa. Zoona zake n'zakuti chimakwera, chimafika pamwamba, kenaka chimatsika, ndipo kawirikawiri mphamvu yake imatha theka la ola lisanakwane, ngati munthu sakuchisonkhezera ndi maganizo kapena kukhala pafupi ndi botolo. Katswiri wa za maganizo wa ku America, G. Alan Marlatt, amene mu 1985 adatulutsa pamodzi ndi Judith Gordon buku lotchedwa Relapse Prevention, ankaphunzitsa odwala ake kuti azichiona chibaba ngati funde. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay angamvetse msanga mawu amenewa. Mwera ukawomba, msodzi wanzeru sapereka nthiti ya bwato ku funde. Amalozetsa mutu wa bwato komwe fundelo likuchokera, n'kulilola kuti limukweze ndi kumutsitsa, podziwa kuti lidutsa.

M'zochita zake nkhaniyi ili motere. Chibaba chikayamba, munthu ayang'ane wotchi, adziuze kuti kwa mphindi makumi awiri sapanga chiganizo chilichonse chokhudza mowa. Achoke pamalo pamene ali. Amwe madzi kapena tiyi, atenge khasu, awaze nkhuni, achonge makope a ana, kapena angoyenda mofulumira kulowera kumene kulibe mowa. Pamene akuchita izi aonetsetse m'mene chibabacho chikumvekera m'thupi, kaya ndi kukhosi, pachifuwa kapena m'mimba, monga m'mene munthu amaonera mvula ikudutsa ali pakhonde. Mphindizo zikakwana adzifunse ngati mphamvu yake ikadali yomweyo. Funde lililonse limene ladutsa popanda mowa limafooketsa phunziro lakale lija, monga momwe agalu a Pavlov ankalekera kuchucha dovu chizindikiro chikabwera kambirimbiri popanda chakudya.

Ndi bwinonso kukhala ndi kakope kolembamo. Nthawi iliyonse chibaba chikabwera, alembe ola lake, malo, anthu amene adali nawo, ndi zimene zidali mumtima. Pakutha pa sabata ziwiri adzaona kuti mdani wakeyo ali ndi nthawi zake zofikira, ndipo mlendo wodziwika ola lake savuta kumukonzekera. Anthu a m'magulu a oleka mowa amachenjezana za zinthu zinayi zimene zimatsegulira chibaba chitseko: njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa. Pa zinayizi njala ndiyo yosavuta kuithetsa, komanso ndiyo imanyozedwa kwambiri. Chidakwa chidazolowera kulowetsa mowa m'malo mwa nsima, kotero m'mimba mukalira, ubongo umamva ngati mukuitana botolo. Amene chibaba chimamupeza cha m'ma 4 koloko madzulo adye kanthu cha m'ma 3 koloko, kaya ndi mbatata, chinangwa, nthochi kapena mtedza. Ambiri amalakalaka zotsekemera m'masabata oyamba, ndipo kwa munthu amene alibe matenda a shuga, kapu ya tiyi wothira shuga si chinthu chodandaulitsa pa nthawi imeneyi. Koma achenjere ndi thobwa logonetsa limene layamba kusasa, chifukwa limenelo layamba kale ulendo wopita ku mowa.

Kusowa tulo ndi msampha wina. Mowa umagonetsa msanga koma umaononga tulo ta m'bandakucha, ndipo munthu akauleka pamatenga masabata, nthawi zina miyezi, kuti tulo tibwerere m'malo mwake. Usiku wachinayi wosagona, maganizo amanong'oneza kuti kakachasu pang'ono kokha kathandiza. Amene wamvera mawu amenewa wabwerera pamene adayambira. Chothandiza ndi kudzuka ola limodzimodzi m'mawa uliwonse ngakhale usiku udali woipa, kupewa kugona masana, kusiya khofi ndi tiyi wamphamvu madzulo, ndi kugwira ntchito yotopetsa thupi dzuwa likadalipo.

Pali nzeru ina imene ena amaiyesa mantha, koma ine ndimaiyesa yoposa zonse: kusapita dala kumene kuli chiyeso. Nkhanga zidapangana kusanapse. M'nyumba musatsale botolo ngakhale limodzi, ngakhale la alendo. Njira yochokera kuntchito isinthe, ngakhale yatsopanoyo ikhale yozungulira. Tsiku la malipiro likonzedwe lisanafike: ndalama zipite kwa mayi a kunyumba, kwa bambo a kunyumba, kapena kwa mbale wokhulupirika, ngongole ndi fizi zilipiridwe tsiku lomwelo, ndipo m'thumba mutsale ya minibasi yokha. Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa chiliza pamene mowa sulephera kupezeka, m'mwezi woyamba munthu angathe kupepesa osapitako, kapena kupita ndi mnzake wodziwa nkhani yake n'kubwerako msanga. Yankho lokanira alikonzeretu, likhale lalifupi, loti "zikomo, ndidaleka," popanda kufotokoza zambiri, chifukwa wofotokoza zambiri amapatsa anzake pogwira.

Komabe nzeru zonsezi sizikwanira ngati munthu ali yekha. Mutu umodzi susenza denga. Mu Meyi 1935 munthu wina wa zamalonda wa ku New York, dzina lake Bill Wilson, adali mumzinda wa Akron m'chigawo cha Ohio. Adali ataleka mowa mu Disembala 1934, koma ntchito imene adapitira kumeneko idalephereka, ndipo adatsala yekha mu hotela ya Mayflower, wokhumudwa, ndalama zitachepa. Mbali ina ya chipinda cholandirira alendo kudali bala, kumene kunkamveka kuseka kwa anthu akumwa. Pamene chibaba chidamugwira, iye adapita pa telefoni n'kuyamba kuimbira anthu a mpingo, kufunsa ngati akudziwa chidakwa china chimene angalankhule nacho. Mapeto ake adakumana ndi dokotala wa opaleshoni, Bob Smith, amene mowa udali utamuononga. Dokotalayo adavomera kucheza kwa mphindi khumi ndi zisanu zokha, koma adacheza kwa maola ambiri. Kukumana kumeneko ndiko kudabala gulu la Alcoholics Anonymous, ndipo Wilson sadamwenso mpaka imfa yake mu 1971.

Taonani kuti zinayi zija zidatsala pang'ono kukwanira pa Wilson tsiku limenelo, ndipo chimene chidamupulumutsa ndi kulankhula ndi munthu wina mphindi zoopsazo zisanathe. Woleka mowa aliyense akhale ndi anthu awiri kapena atatu amene angawaimbire foni kapena kuwagogodera pakhomo ola lililonse, ndipo awauziretu kuti, "Achimwene, ndikadzakuitanani musadzandilalikire, mudzangokhala nane mpaka zidutse." Chibaba chimakula pobisika. Chikanenedwa pakamwa kwa munthu wina, mphamvu yake imachepa.

Ndikudziwa kuti ena mwa awerengi sagwirizana nane. Wina ati, "Bwanji osangochepetsa, kumamwa awiri okha Loweruka?" Kwa munthu amene mowa sudamugwire, kuchepetsa n'kotheka ndithu. Koma nkhani yathu ikunena za amene adayesa kale kuchepetsa kambirimbiri n'kulephera. Kwa ameneyo botolo loyamba ndilo chizindikiro champhamvu kuposa zonse, ndipo limafooketsa mbali ya ubongo imene ikadamuletsa kutenga lachiwiri. Wina ati, "Pemphero lokha likwanira." Chikhulupiriro chathandiza anthu ambiri kuleka mowa, ndipo mpingo kapena mzikiti umapereka anzake atsopano ndi chochita madzulo. Koma wopemphera amapitabe kuchipatala akadwala malungo, ndipo palibe chifukwa choti matenda a mowa akhale osiyana.

Winanso ati kumwa mankhwala pofuna kuleka mowa ndi kufooka. Ameneyo adziwe kuti pali mankhwala amene adayesedwa bwino. Naltrexone, amene dziko la America lidawavomereza pa matenda a mowa mu 1994, amachepetsa kukoma kumene ubongo umapeza mu mowa. Acamprosate amathandiza kukhazikitsa mitsempha imene idazolowera mowa. Disulfiram, amene ndi akale kuposa onsewa, amadwalitsa munthu koopsa akamwa mowa, choncho amafuna kuyang'aniridwa ndi dokotala. Mankhwalawa sapezeka pa chipatala chilichonse, komanso sagwira ntchito okha popanda uphungu, koma kufunsa za iwo si manyazi. Kuno kwathu a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba chimalandiranso otere, ndipo poyambira pafupi ndi chipatala cha boma cha m'dera la munthu. Ambiri amamwa pofuna kuphimba nkhawa kapena chisoni chachikulu, ndipo mowa ukachoka zimenezi zimaonekera poyera. Amene wayamba kuganiza zodzipha asadikire kuti kuche, auze munthu nthawi yomweyo ndi kupita kuchipatala.

Nanga munthu akaterereka n'kumwa? Apa ndi pamene ambiri amatayikira. Marlatt adaona kuti chimene chimasandutsa kuterereka kwa tsiku limodzi kukhala kugwa kwa chaka chonse ndi maganizo oti "ndalephera kale, ndingomaliza." Dokotala Smith uja, atacheza ndi Wilson, adapita kumsonkhano wa madokotala ku Atlantic City n'kubwerako ataledzera. Akadanena kuti zonse zatha, dzina lake sitikadalidziwa. Adayambanso mu Juni 1935, ndipo sadamwenso mpaka pamene adamwalira mu 1950. Woterereka ataye mowa wotsalawo, auze mnzake uja tsiku lomwelo, atsegule kakope kake n'kufunsa kuti chidatsogolera n'chiyani. Masiku amene adakhala osamwa sadapite pachabe, chifukwa thupi lidapumula ndipo iye adaphunzira kanthu.

Mawu otsiriza apite kwa ife amene tazungulira munthuyo. Dziko la Zambia lidaletsa timapaketi ta mowa waukali totchedwa tujilijili mu 2012, kuno kwathu masacheti adaletsedwanso patapita zaka zochepa, ndipo mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zonsezi n'zabwino, koma lamulo silingakhale pakhonde ndi munthu cha m'ma 5 koloko madzulo pamene funde lafika. Ntchito imeneyo ndi yathu. Mnzathu akanena kuti waleka, tisamuseke kuti wagwidwa ndi mankhwala a mkazi, ndipo tisamukakamize "kamodzi kotsanzikira." Wa pabanja asamukumbutse m'sabata yoyamba milandu yonse ya zaka khumi, milanduyo ilipo ndipo idzakambidwa, koma ili ndi nthawi yake. Mphunzitsi wamkulu amene waona kuti mnzake akuyesetsa, amupatse timu ya mpira kapena kwaya ya madzulo, kuti ola loopsa lija limupeze ali pakati pa ana. Kholo la mnyamata wodikira mayeso limupezere chochita, ngakhale kadimba ka tomato. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu amene mwawerenga nkhaniyi muli pa tsiku lachitatu, musadzisenzetse katundu wa moyo wonse. Lonjezo loti simudzamwanso mpaka kalekale ndi lolemera, ndipo lingathe kukuthyolani msana. Lonjezani za lero lokha, ndipo lero likakula, lonjezani za mphindi makumi awiri zikubwerazi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakapita masabata angapo mudzaona kuti mafunde aja ayamba kubwera motalikirana, chakudya chayamba kukoma, ndipo chiwindi, chimene chimatha kuchotsa mafuta obwera ndi mowa ngati sichidaonongeke kotheratu, chayamba kuchira. M'gawo lotsatira tidzaona za miyezi ya pambuyo pake, pamene munthu ayenera kubweza ngongole, kupepesa amene adawalakwira, ndi kupezanso ulemu wake pamudzi ndi pantchito.